Anthu 1,000 si nthawi zonse amakhala 1,000

Ena ochita kafukufuku wa zaumoyo kuno ku Lusaka amakhulupirirabe kuti ukangopeza anthu ochuluka, zotsatira zako n'zodalirika. Si choncho ayi, makamaka pamene maere akugwera madera athunthu osati munthu payekha.

Anthu a m'komboni imodzi, tinene Kanyama, amatunga madzi pamodzi, amapita kuchipatala chimodzi, amakwera basi zomwezo. Mayankho awo amafanana, ndipo wachisanu sakuuzani zambiri zomwe woyamba sananene.

Tiyerekeze muli ndi madera 20, lililonse anthu 50, ndipo mlingo wa kufanana kwa mayankho a anthu a dera limodzi, komwe akatswiri amakutcha ICC, ndi 0.05. Chulukitsani 49 (anthu 50 kuchotsapo mmodzi) ndi 0.05, onjezerani 1, mupeza 3.45. Gawani 1,000 ndi 3.45: mphamvu ya kafukufukuyo ikungofanana ndi ya anthu pafupifupi 290 osankhidwa payekhapayekha. Chimene chimandipweteka n'chakuti ngakhale mutafunsa aliyense m'madera amenewo, mphamvuyo singapitirire ya anthu 400. Ndalama zimangothera m'mafomu.

Chofunika n'kuwonjezera madera. Kafukufuku wa HIV wa PopART anakhudza anthu pafupifupi miliyoni imodzi, koma maere anagwera madera 21 okha, 12 a ku Zambia ndi 9 a ku South Africa, m'magulu atatu a madera 7.