Kompyuta ikalemba zero, kodi mwayiwo ulibedi?

Wophunzira wina wa zaulimi ku Ulongué anandibweretsera lipoti la kafukufuku wake wa mbewu ziwiri za chimanga, ndipo pansi pa tebulo analemba kuti p = 0,000 (p ndi nambala yosonyeza mwayi woti kusiyana kotere kungaoneke ngakhale mbewuzo zitakhala zofanana), n'kumasulira kuti n'zosatheka kuti kusiyana kwa zokololazo kunachitika mwamwayi. Nditamufunsa kumene anaitenga zeroyo, analoza kompyuta. Sindinamudzudzule, chifukwa ambiri mwa ife tinazolowera kukhulupirira makinawa kuposa maso athu, koma nkhaniyi ikufunika kuifotokoza bwino kwa aliyense amene amawerengetsa ziwerengero za odwala, za mbewu kapena za mvula m'chigawo chathu cha Tete.

Zero ya wophunzirayo inali yongofupikitsa chabe: pulogalamu inaonetsa manambala atatu pambuyo pa koma, otsalawo n'kuwabisa. Koma pali zero ina yoopsa kwambiri, imene imabadwira m'kati mwa kuwerengera kwenikweniko.

Pafupifupi makompyuta onse amasunga manambala motsatira muyezo wa IEEE 754 wa mu 1985, umene umapatsa nambala iliyonse malo a ma bit 64 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), okwanira kusunga manambala 15 kapena 16 okha odalirika. Tsono kagawikidwe ka mwayi kotchedwa normal, kamene kakajambulidwa kamaoneka ngati chulu chotalika pakati n'kutsetsereka mbali zonse, kalibe njira yachidule yopezera yankho lenileni, choncho pulogalamu iliyonse imachita kuyerekeza. Pulogalamu yowerengetsera ziwerengero yotchedwa R imagwiritsa ntchito njira ya W. J. Cody ya mu 1969, ndipo ndi yolondola kwambiri. Vuto limabwera kumchira kwa chuluko, kumene mwayi ndi wochepetsetsa, komwenso n'kumene ofufuza amayang'ana kwambiri.

Taganizirani sikelo yopimira malole a malasha ku Moatize. Mutapima lole yodzaza, kenaka n'kuchotsapo njere imodzi ya chimanga n'kupimanso, sikeloyo ingaonetse kulemera komweko, ndipo mutachotsera manambala awiriwo mungapeze zero, ngakhale njereyo ili m'manja mwanu. Ndi zimene zimachitika munthu akalemba 1 - pnorm(9) mu R pofuna mwayi wa kumchira kupitirira pa 9 (pnorm(9) ndi mwayi wonse wa pansi pa 9): yankho limatuluka 0, chifukwa nambala yochotseredwayo yayandikira 1 kwambiri moti kompyuta yaisunga ngati 1 yeniyeni. Akalemba pnorm(9, lower.tail = FALSE), ndiye kuti wayika njereyo payokha pa sikelo yake, ndipo yankho ndi 1,13 × 10^-19, kutanthauza mazero 18 pambuyo pa koma, kenaka 113. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene tiika 8 pamalo pa 9, chifukwa njira yochotsera imapereka 6,66 × 10^-16 m'malo mwa 6,22 × 10^-16. Zero imatha kudabwitsa munthu, iye n'kufunsa, pamene nambala yolakwika yooneka bwino chonchi imangodutsa popanda woikayikira.

Manambala akuluakulu nawonso amasefukira. Mutaponya ndalama yachitsulo ka 2000, mwayi woti igwere mbali imodzi ka 1000 ndendende ndi pafupifupi 0,018, nambala yosavuta konse. Koma njira ya m'buku la kusukulu imafuna kuti muyambe mwawerenga njira zonse zosankhira 1000 mwa 2000, ndipo nambala imeneyo ndi yotalika manambala 601, pamene yaikulu koposa imene kompyuta ingasunge ndi ya manambala 309. Mtsuko umadzaza madzi asanathe. N'chifukwa chake Excel yakale inkalemba chizindikiro cha cholakwika cha #NUM! pa BINOMDIST, lamulo lake lowerengera mwayi wotere, ziwerengero zikakula chonchi. Leo Knüsel anaonetsa zolakwika zamtunduwu mu Excel 97 m'chaka cha 1998, McCullough ndi Wilson anawonjezera zina mu 1999, ndipo Microsoft inakonza zambiri mu Excel 2010, imene inabwera ndi mayina atsopano monga BINOM.DIST ndi NORM.S.DIST. R imazemba msampha umenewu potsatira njira ya Catherine Loader ya mu 2000, imene sidutsa n'komwe pa manambala osefukirawo.

Ena amati kusiyana kwa 0 ndi nambala yoyamba ndi mazero 18 ija kulibe kanthu pa ulimi wa chimanga, ndipo pa chiganizo cha wophunzira uja akunena zoona. Koma mwayi nthawi zambiri suthera patebulo: umachulukitsidwa ndi unzake, umagawidwa, kapena umatengedwa logarithm (kawerengedwe kamene sikatheka pa zero), ndipo zero imodzi ikalowa m'menemo imawononga mzere wonse mwakachetechete.

Wophunzirayo ndinamupempha kuti alembe p < 0,001, atchule dzina la pulogalamu ndi mtundu wake mulipotimo, ndiponso awerengetsenso tebulolo pa pulogalamu yachiwiri. Patapita sabata anabweranso ndi mapepala awiri, lina la Excel lina la R, ndipo tinawayala patebulo n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere.