Za ma GB aulere aja, musadine linkiyo

Uthenga uja wayambanso kuzungulira m'magulupu a WhatsApp, woti Airtel kapena TNM ikugawa ma GB aulere, ungodina linki kenako utumize kwa anzako ambirimbiri. Abale, limeneli ndi bodza. Dzulo mu minibasi ya ku Ndirande mayi wina anali kalikiliki kutumizira achibale onse mpaka ka bandulo kake ka tsiku kanathera pompo, ma GB osaoneka.

Taiyang'anani bwinobwino linkiyo, dzina la kampani lilipo inde koma kumapetoko kuli tizilembo tachilendo, si webusaiti yawo. Ukalowa amakufunsa nambala, ena mpaka PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ukangopereka basi ndalama zapita. Kampani ikakhala ndi promoshoni imalengeza pa wailesi, pa tsamba lake lenileni la Facebook kapena pa SMS, siyiuza munthu kuti tumizira kaye anzako.

Chimandiwawa n'choti amene amapusitsidwa ndi omwe data imawavuta kale, wa ku Bangwe wogula ka bandulo ka WhatsApp yokha, pomwe wa Wi-Fi ku Namiwawa sangatekeseke nazo n'komwe. Mukaulandira ingoufufutani, ndipo amene wakutumiziraniyo mumuuze, mwina ndi azakhali anu sakudziwa.