Luso latsopano silifala ngati mphekesera

Ambiri timakhulupirira kuti mukaphunzitsa mlimi mmodzi wodziwika, mudzi wonse udziwa. Pa uthenga wa maliro izi n'zoona, kumva kamodzi basi wanyamuka. Koma kusintha kalimidwe n'kuika chakudya cha chaka chonse pachiswe, ndipo munthu sachita zimenezo chifukwa cha mawu a mnzake mmodzi.

Katswiri wa zachuma Lori Beaman ndi anzake anaziyesa m'midzi 200 ya ku Machinga, Mwanza ndi Nkhotakota, pa kubzala chimanga m'maenje osunga madzi. Anayamba alemba kuti ndani amakambirana ndi ndani za ulimi, kenako kompyuta n'kuwerengera alimi awiri oyenera kuphunzitsidwa poyamba. M'midzi ina alangizi anasankha okha monga mwa nthawi zonse. Zotsatira, zomwe zinasindikizidwa mu 2021, zinasonyeza kuti lusoli linafala kwambiri kumene kunasankhidwa alimi omwe amalumikizana ndi anthu ambiri m'mudzi.

Chifukwa chake n'chakuti mlimi amafuna kumva kwa anthu angapo, makamaka aone yekha maenjewo m'minda iwiri, asanatenge khasu. N'chifukwa chake ndimada nkhawa alimi achitsanzo akamwazidwa patalipatali, wina kumtunda wina kudambo, popanda anthu ocheza ndi onse awiri.