Dzina loti "sapeur" silinachokere ku chidule

Ambiri amati "sapeur", dzina la akatswiri otchena a ku Brazzaville ndi Kinshasa, linachokera ku chidule cha SAPE, Société des Ambianceurs et des Personnes Élégantes, kutanthauza gulu la anthu osangalatsa anzawo ndi otchena. Ayi ndithu, chidulecho chinabwera pambuyo. Gwero lake ndi mawu a Chifalansa cha m'misewu oti "se saper", kutanthauza kuvala, makamaka kutchena. Dzina lalitalilo anangolilukira pa mawu omwe analipo kale.

Akatswiri otchenawa musawayesenso anthu olemera. Ambiri ndi amisiri ndi oyendetsa matakisi, osunga ndalama miyezi yambirimbiri kuti agule suti imodzi yokha. Ndimawalemekeza pa chifukwa china: Mobutu, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Zaire (DRC ya lero), ataletsa masuti m'zaka za m'ma 1970 n'kukakamiza amuna kuvala abacost (jekete lovala popanda tayi), woimba Papa Wemba ndi omutsatira anapitiriza kutchena mmene ankafunira.