Thrash Metal Sinafe, Ndipo Achinyamata Sakungokopera

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi: akuti thrash metal, mtundu wa nyimbo za rock zothamanga kwambiri komanso zaphokoso, inafa m'ma 1990, ndipo magulu amene anaitsitsimutsa m'ma 2000 amangotengera akuluakulu amene anaiyambitsa.

Zoona n'zakuti grunge, mtundu wina wa nyimbo za rock, itatchuka, thrash inasowa msika ndipo magulu ena a ku America anachepetsa liwiro. Koma ku Germany, makamaka m'dera la Ruhr, oimba sanasiye kutulutsa zimbale.

Nanga zokoperazo? Akuluakuluwonso sanatole nyimbozi kumwamba. Kumayambiriro kwa m'ma 1980, ku Los Angeles ndi San Francisco, anasakaniza heavy metal ya ku Britain ndi liwiro la hardcore punk, mtundu wa rock wa nyimbo zazifupi ndi zaukali. Inde, alipo achinyamata amene amatengera chilichonse mpaka nsapato zomwe, ndipo amenewo amanditopetsa. Koma ena, monga a mumzinda wa Richmond ku Virginia, m'dziko la America, anakokera kwambiri ku punk, pomwe ku Arizona kunatuluka nyimbo zazitali, zovuta kuimba, zokamba za mlengalenga.

Kutsimikiza n'kosavuta. Onani zaka zimene zimbale zinatuluka, kenako mverani chimbale cha thrash cha 1986 ndi china cha 2009 motsatizana, khutu lili pa ng'oma ndi gitala. Ngati simunamvere nokha, musafalitse za m'maluwa.