Kudzibaya testosterone mumnofu: bwanji pakuwawa chonchi?

Mafunso awa ndi a anthu amene dokotala anawalembera testosterone, homoni yachimuna, atawayeza magazi, nesi n'kuwaonetsa kabayidwe kamodzi kapena kawiri, kenako n'kuwasiya kuti azidzibaya okha kunyumba. Kuchipatala zimaoneka zophweka. Mavuto amayamba muli nokha kuchipinda, sirinji ili m'manja.

Ndabaya dzulo pantchafu, lero ndikutsimphina ngati andimenya ndi chibonga. Ndalakwitsa?

Mwina simunalakwitse kalikonse. Testosterone yobaya sisungunuka m'madzi, choncho amaisungunula m'mafuta. Sustanon 250 ili m'mafuta a mtedza, Depo-Testosterone ili m'mafuta a njere za thonje, Nebido ili m'mafuta a nsatsi, ndipo ina ya mtundu wa enanthate amaiika m'mafuta a chitowe. Mafutawo akalowa samwazika msanga ngati jakisoni wamadzi. Amakhala pamalo amodzi ngati kadziwe, thupi n'kumayamwa pang'onopang'ono kwa masiku kapena masabata. Mnofu umene wakankhidwa kuti upereke malo ndi umene ukudandaulawo.

Ululu wotere suyamba pomwepo. Umabwera patapita maola angapo, umakula tsiku lachiwiri, kenako umayamba kuchepa wokha, ndipo sabata isanathe mwaiwala. Mnofu umene sunabayidwepo ndiye umalira kwambiri. Mukafika ulendo wachitatu kapena wachinayi umakhala utazolowerako. Sustanon ili ndi mitundu inayi ya testosterone, ndipo umodzi mwa iyo, propionate, umadziwika ndi kuluma. Kuyendayenda pang'ono ndi kuthowa ndi kansalu kofunda kumathandiza kuposa kungogona.

Nkhani ya mtedza musaipeputse. Ngati mtedza kapena soya zimakuwengani, Sustanon si yanu, ndipo dokotala ayenera kudziwa musanabaye n'kamodzi komwe.

Ndiye ululu woopsa ndiudziwa bwanji?

Yang'anani kumene zinthu zikulowera. Ululu wamba umachepa tsiku ndi tsiku, pamene wa matenda umakulirakulira. Pamalopo pamatentha mukakhudza, pamatupa n'kumanyezimira, ululu umagunda ngati mtima, thupi limatentha, mwina mafinya n'kuyamba kuoneka. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho dalirani dzanja: khudzani ntchafu zonse ziwiri muyerekeze kutentha kwake. Lembani mzere ndi cholembera kuzungulira chotupacho; mukadzuka mawa chitadumpha mzerewo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chithupsa chamkati mwa mnofu si chofinya ndi zala.

Palinso zina zosadikira mawa: kubanika, kutupa milomo kapena nkhope, zidzolo thupi lonse, dzanzi kapena kufooka kwa mwendo kumene sikukutha, ndi katumba wa mwendo kutupa n'kumawawa mbali imodzi.

Pabwino ndi pati, pantchafu kapena pathako?

Kwa munthu wodzibaya yekha, ntchafu ili ndi ubwino umodzi waukulu: mumaona chimene mukuchita ndipo manja onse awiri amafikapo. Khalani pampando. Gawani ntchafu patatu kuchokera pabondo kufika m'chiuno, mutenge gawo lapakati. Ndiye musabaye pamwamba penipeni, kapena mkati moyang'ana mwendo winawo, kumene kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Malo ake ndi chakunja, pakati pa mzere wakutsogolo ndi pamene pamadutsa msoko wam'mbali wa thalauza. Ambiri amene amati ntchafu imawawa moipa amakhala akubaya kutsogolo kwambiri kapena pafupi ndi bondo. Komabe tisabisane, ngakhale mutabaya molondola, ntchafu imamva kuwawa kuposa thako, chifukwa ndi mnofu umene mumayendera tsiku lonse.

Thako limalandira mafuta ambiri mosadandaula, koma mumadutsa mtsempha waukulu wa sciatic umene umatsikira kumwendo. Lamulo lakale ndi logawa thako panayi n'kubaya gawo lakumtunda chakunja lokha. Vuto ndi lakuti wodzibaya amapotokola msana kuti aone, dzanja limodzi lili kumbuyo, singano n'kumagwedezeka mkati. Manesi ambiri masiku ano amakonda malo a m'mbali mwa chiuno otchedwa ventrogluteal, amene ali kutali ndi mtsempha uja. Malo amenewa si ophunzira powerenga. Pemphani nesi akugwireni dzanja akuonetseni pathupi panu.

Paphewa mnofu wake ndi waung'ono, sufuna zopitirira 1 ml. Kulikonse kumene mwasankha, sinthanitsani: ulendo uno kumanja, ulendo wamawa kumanzere. Kubaya malo amodzimodzi kumaumitsa mnofu, ndipo singano imayamba kulowa ngati mukubaya chikopa.

Ndimatunga mankhwala ndi kubaya ndi singano imodzi. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ndi losavuta kukonza. Singano ikaboola labala wa pakabotolo, kapena ikakhula pansi pa kabotolo kagalasi, nsonga yake imabuntha ngakhale maso saona. Khalani ndi singano ziwiri. Yotungira ikhale yaikulu, 18G ya mutu wapinki kapena 21G ya mutu wobiriwira, chifukwa mafuta salowa msanga. Mukatunga, ichotseni muike yatsopano yobayira, kawirikawiri 23G ya mutu wabuluu. Nambala ikamakwera singano imawonda; 25G ya mutu waolenji imalowa mosamveka kwenikweni, koma mafuta amadutsa movutikira ndipo chala chimatopa.

Utali nawo ndi nkhani. Wowonda amakwanira ndi singano ya 25 mm pantchafu, wathupi angafune ya 38 mm. Ikafupika, mankhwala amatsalira m'mafuta a pansi pa khungu n'kusiya kachotupa kolimba, koyabwa, kamene kamatenga masiku ambiri.

Ndimakhala nditagwira sirinji mphindi makumi awiri, dzanja likunjenjemera. Nditani?

Simuli nokha, ndipo si uchitsiru. Thupi silinalengedwe kuti lizidzibaya. Koma kuchedwako ndi kumene kumaonjezera ululu, chifukwa mukamadikira mnofu umakungika, ndipo singano ikalowa mumnofu wokungika imapweteka kawiri.

Konzani zonse musanavule: sambani m'manja ndi sopo, thonje ndi sipiriti zikhale pafupi. Khalani pansi, phazi lipondetseni bwino, ntchafu ilekerereni mpaka muzitha kuigwedeza ndi dzanja ngati nyama yapambale. Pukutani ndi sipiriti ndipo mudikire aume, masekondi 30 akwana. Kuluma kumene ambiri amamva singano ikangolowa ndi sipiriti wosauma amene walowa nayo limodzi. Kokerani khungu pambali pang'ono ndi dzanja linalo. Singano iime chilili, osati chopendekeka. Pumirani kunja, lowetsani kamodzi n'kamodzi.

Apa ndi pamene anthu amasemphanitsa. Amalowetsa singano mwachidodo, n'kukankha mankhwala mwaliwiro kuti zithe msanga. Zimafunika mosiyana: kulowetsa mwachangu, kukankha modekha, masekondi khumi kapena kuposerapo pa 1 ml iliyonse. Mukamaliza werengani mpaka khumi, zulani mowongoka mmene inalowera, kenako lekani khungu lija libwerere. Limatseka njira kuti mafuta asatuluke. Dinikizani ndi thonje, osatikita mwamphamvu.

Mnofu ukadumpha wokha singano ikulowa, musadabwe, zimachitika. Koma mukamva ngati magetsi akuthamanga kutsikira kumwendo, zulani, sinthani singano, sankhani malo ena.

Ena amati singano ikalowa ndizikokera kumbuyo chokankhira cha sirinji kaye ndione ngati mukubwera magazi, ena akuti n'zachikale.

Pa katemera, ambiri anasiyadi. Pa mankhwala amafuta nkhani ndi ina, chifukwa mafuta safunika kulowa mumtsempha wa magazi. Tsatirani zimene anakuphunzitsani ndi zolembedwa pakapepala ka m'bokosi. Mukakokera n'kuona magazi musirinji, musakankhe. Zulani muyambirenso ndi zatsopano.

Kamafuta kakalowa m'magazi n'kufika m'mapapo, munthu amayamba kutsokomola mwadzidzidzi, pakhosi kukanda, thukuta, chizungulire, pachifuwa kuthina. Nthawi zambiri zimatha pa mphindi zochepa, koma kubanika kukapitirira thamangirani kuchipatala. Ichi n'chifukwa chake Nebido, imene ndi 4 ml yathunthu yobayidwa pakatha masabata 10 mpaka 14, ndi yobaya nesi pang'onopang'ono, osati yodzibaya. Ku America mankhwala a mtundu womwewo, Aveed, munthu akabayidwa amakhala pachipatala mphindi 30 akumuyang'anira.

Ndikazula pamatuluka kadontho ka magazi kapena ka mafuta. Mankhwala atayika?

Ayi. Kadonthoko kamaoneka kambiri pakhungu koma ndi kochepa zedi, ndipo musabayenso kuti mubwezere. Kathovu kakang'ono ka mpweya kotsalira musirinji nakonso sikapha munthu mumnofu.

M'kabotolo mwanga mwaoneka timiyala tonga shuga.

Testosterone ya mtundu wa cypionate, monga Depo-Testosterone, imachita zimenezi kukazizira, monga mu June ku Johannesburg kapena ku Dedza. Fumbatani kabotoloko m'manja kapena kaikeni m'madzi ofunda, osati otentha, n'kumakagubuduza mpaka timiyalato titasungunuka tonse. Musabaye tikuonekabe. Mankhwalawa si a mufiriji. Ngakhale mulibe timiyala, kufunditsa sirinji m'manja kwa mphindi ziwiri kumapangitsa mafuta kuyenda mofewa.

Ndayesa zonsezi koma pakuwawabe. Ndichepetse mlingo ndekha?

Musatero, bwererani kwa amene anakulemberani, chifukwa njira zilipo. Angasinthe mtundu wa mankhwala ngati mafuta ake sakuyanjani, angagawe mlingo kuti muzibaya pang'ono pafupipafupi, kapena angakupatseni yopaka pakhungu. Madokotala ena amalola enanthate kapena cypionate kubayidwa pansi pa khungu la pamimba ndi kasingano kakafupi. Ku America anavomereza Xyosted ya mtundu umenewu mu 2018. Ulendo womwewo akuyezeni magazi, popeza testosterone imawakhuthalitsa, ndipo haematocrit, muyeso wa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, ikapitirira 54 peresenti madokotala amaimitsa kaye kapena kuchepetsa. Ngati mukufuna mwana, nenaninso, chifukwa mankhwalawa amachepetsa mbewu ya abambo.

Za mabotolo ogula kwa mnyamata wa ku jimu, opanda chikalata cha dokotala, palibe kabayidwe kamene kangakonze. Simudziwa mlingo wake, simudziwa ukhondo wa kumene anathirira, ndipo zithupsa zambiri zimachokera kumeneko.

Singano zogwiritsa kale ntchito ndizitaya kuti?

Singano ndi sirinji ndi za ulendo umodzi, munthu mmodzi. Kubwerekana kumapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Musavutike kubwezera chivindikiro, pamenepo ndi pamene anthu amadzilasa chala. Ponyani m'chigubu cholimba chokhala ndi chotsekera, chisungeni patali ndi ana, ndipo chisanadzaze kwambiri katuleni kuchipatala kumene amawotcha zinyalala zoterezi.