Banja likatha, amawerenga ndani?

Mayi wina anabwera ku ofesi kwathu kuno ku Dedza ndi kapepala kopindapinda, atakasunga m'kajumbo ka shuga. Anali mawu a ankhoswe. "Bambo, amuna anga anapita ku Joni, zaka zinayi tsopano, foni sayimba. Ine ndili pabanja kapena ayi?" Pantchito yanga yolangiza mabanja, funso ili ndalimva kambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake ziwerengero za kutha kwa maukwati sindizimeza msanga.

Akatswiri amawerengera motere: pa anthu 1,000 alionse m'dziko, ndi maukwati angati athetsedwa mwalamulo chaka chimenecho. Akatero, Russia ndi Maldives amakhala chakumtunda, India pansi penipeni. Ku Philippines lamulo sililola n'komwe kusudzulana kupatula kwa Asilamu. Ireland inavota kuti ilole mu 1995, Chile inalola mu 2004, Malta mu 2011. Kodi zaka zimenezi zisanafike mabanja onse kumeneko anali pamtendere? Ayi ndithu, chitseko chinali chokhoma basi. Ku China, kuyambira 2021, ofuna kusiyana mogwirizana amawadikiritsa masiku 30, ndipo chiwerengero chinatsika kwambiri chaka chomwecho. Si kuti chikondi chinakula, njira ndi imene inatalika.

Kwathu kuno mabanja ambiri amathera pamkeka, pamaso pa ankhoswe, kapena amangozirala ngati moto wa mapesi. Kukhoti safikako. Ofufuza amene anafunsa anthu m'midzi ya ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi anapeza kuti maukwati amatha kwambiri ku Balaka kusiyana ndi ku Rumphi. Ine sizinandidabwitse. Pachikamwini mkazi ali pamudzi pawo, munda ndi wake, ana ndi a mbumba ya kwawo. Mkamwini akavuta amamutulutsira katundu panja. Kumene kunaperekedwa malobolo, kuchoka n'kolemera, chifukwa nkhani ya ng'ombe ndi ana imatsatira pambuyo.

Zothetsa banja zenizeni sizisiyana kwambiri ndi zakunja: chigololo, nkhanza, mowa, ndalama. Koma pano zili ndi nyengo yake. Mbatata zikagulitsidwa pa Lizulu kapena ku Tsangano, madandaulo amachuluka. Analima awiri, kupalira awiri, koma tsiku la msika bambo wapita yekha, n'kubwera patatha sabata m'thumba muli mbee. Kusowa mphatso ya mwana nako kumapasula, ndipo chala chimaloza mkazi ngakhale palibe amene wapita kuchipatala. Palinso okwatiwa ali ana. Si pachabe kuti Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lawo, atsikana n'kubwerera kusukulu.

Lamulo la maukwati la 2015 limati zaka zokwatira ndi 18, ndipo khoti limathetsa ukwati likaona kuti wasokonekera moti sungakonzedwenso. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati ndithu pamaso pa lamulo, choncho majisitireti atha kuuthetsa, n'kugamula za katundu ndi chithandizo cha ana. Ambiri sadziwa zimenezi, amangoti "zinatha" n'kutsala ndi ana osalandira ngakhale tambala.

Mayi uja ndinawauza kuti akadali pabanja, ngakhale akugona okha. Anaseka chosekera m'mphuno. Ndinawalembera kalata yopita kukhoti, n'kuwapempha kuti akatenge ankhoswe a mbali zonse ziwiri. A kuchimuna akuti anakana kubwera pokhapokha awalipirire kabaza.